Nyanga Imene Gocha Sanathe Kutula

Ku Gurjaani kuno, amuna akangokumana atatu, kaya ndi pa siteji ya minibasi, kaya pometetsa, kaya pamaliro penipeni, nkhani imayambira pa mtengo wa mphesa koma imakathera pa Gocha. Funso lake ndi lomwe lija losatha: kodi Gocha anapuma, kapena anathawa? Anthu oti chibadwire sanaponyepo chibakera, oti mkazi akangokweza mawu amakabisala kuseri kwa nyumba, amakhala pamenepo n'kumaphunzitsana mmene amakanyangira munthu pakhosi. Khatuna, mkazi wa Gochayo, ankazimva zonsezi akamadutsa ndi chikwama chake cha kumsika, ndipo zinkamunyansa zedi.

Gocha anali ngwazi ya ndewu za m'khola, zija amatsekera amuna awiri m'khola la waya n'kuwalola zibakera, mateche, zigongono, kugwetsana ndi kupotokolana mikono mpaka wina atagonja. Lamba wa ukatswiri anakamutenga kunja, n'kumuteteza kangapo, ndipo panalibe amene anamugonekapo chagada. Ndiye tsiku lina atangopambana, anavula magolovesi n'kuwasiya pakati pa khola, monga amachitira otsanzika. Tsoka lake, pamzere panali patatsala mnyamata wina wa ku Poland, dzina lake Zaremba, amene ankadikira nthawi yake. Kuyambira pamenepo Zaremba wakhala akuzungulira m'mawailesi kulengeza kuti mkulu uja anangomva fungo lake n'kuliyatsa liwiro.

Chifukwa chenicheni ankachidziwa ndi Gocha ndi Khatuna okha, kuphatikizapo dokotala wina wa ku Tbilisi, likulu la dziko lino. Chaka chimenecho Gocha anatenga galimoto kukagula buledi, ndipo patapita nthawi anamuimbira foni Khatuna ali pamphambano ya pafupi ndi tchalitchi, msewu umene anasewerapo ali wopanda nsapato, kufunsa kuti kwawo akhotere kuti. Dokotala anawaonetsa chithunzi cha m'mutu, n'kuloza apa ndi apo ndi cholembera. Ananena mosapita m'mbali kuti mutu umenewu walandira zokwana. Chibakera china cholemera, ndiye kuti munthuyu azidyetsedwa ndi supuni, apo ayi sadzadzukanso. Atafika kunyumba, Gocha anamugwira dzanja Khatuna n'kupita naye pakona ya chipinda pamene pali chithunzi cha Mariya Woyera, ndipo anamulumbiritsa kuti sadzauza munthu, ngakhale mayi ake omubereka. Anati bola anthu azimutcha wamantha kusiyana n'kumutcha chitsiru. Khatuna analumbira, poti nthawi imeneyo akanalumbira chilichonse kuti mwamunayo angotuluka m'khola.

Zimene zinayamba kuthawa ndi mayina. Nkhope ankazidziwa, mtima unkamuuza ndithu kuti uyu ndi wanga, koma dzina linkangoti zii. Khutu lake la kumanja linafa kalekale, lotupa ngati bowa, koma la kumanzere linkamva. Ndiye Khatuna anaphunzira kukhala kumanzere kwa mwamuna wake. Mumsewu ankamugwira mkono n'kumanong'ona akaona munthu akubwera. Pa phwando sankakhala pansi. Ankaima kumbuyo kwa mpando wa Gocha ndi jagi ya vinyo, n'kumawerama ngati akuthira, kwinaku akuponya dzina m'khutu muja, nthawi zina pamodzi ndi dzina la mkazi wa munthuyo ndi matenda a mayi ake. Gocha ankangopendeketsa mutu pang'ono, kenako n'kufuula dzinalo ndi mawu ake aakulu aja, munthu n'kusangalala kuti ngwazi imamukumbukira. Amuna a kuno mpaka ankadzudzula akazi awo kuti bwanji satengera Khatuna, mkazi wosakhala pansi mwamuna wake akudya. Iye ankamwetulira, miyendo ikuwawa, mumtima akuwatukwana onse.

Zinthu zinayenda choncho mpaka pamene kunabwera Lasha, wokonza ndewu wa ku Tbilisi, mnyamata wa nsapato zoyera ndi mano oyera, amene aliyense amamutcha mchimwene wake. Anati Zaremba wavomera. Ndewu idzachitikira ku Tbilisi, m'dziko momwe muno, pamaso pa dziko lonse, ndipo pakamwa pa anthu padzatsekeka mpaka kalekale. Khatuna ankaganiza kuti Gocha aseka n'kumuperekeza mlendoyo. M'malo mwake anaona maso a mwamuna wake akuwala monga ankawalira kale, ndipo anachita mantha. Matendawa ndi ankhanza, anamulanda mayina n'kumusiyira kunyada kwake konse kosaguluka. Mawu a dokotala anali atazilala m'mutu mwake, koma chipongwe cha Zaremba ankachikumbukira liwu ndi liwu. Khatuna atamukumbutsa za chithunzi cha m'mutu chija, Gocha anamenya tebulo mpaka mbale inadumpha, n'kunena kuti madokotala amaopseza anthu kuti adye. Atafunsa Lasha ngati sipakhala zoyeza m'thupi, Lasha anaseka n'kuti zimenezo amusiyire iye, ali ndi anthu ake.

Anatsala ndi munthu mmodzi, a Shalva. Amenewa ndi amene anamutola Gocha ali mwana wamasiye womangomenya anzake kumsika, n'kumuphunzitsa kulimbana, kumudyetsa pakhomo pawo, ndipo pa ukwati ndi iwo anaimira bambo. Khatuna anawapeza akudula mphesa zawo. Lumbiro linamumanga lilime, ndiye anangowapempha kuti amuyang'anitsitse mwana wawoyo asanamulole. A Shalva sanaleke n'komwe kudula. Anati akhala akumuyang'ana kuyambira asanamere ndevu, ndipo palibe chimene mkazi angawauze za thupi la Gocha. Kenako anawonjezera kuti iwo akalamba, ndipo sakufuna kulowa m'manda akutchedwa mphunzitsi wa munthu wothawa.

Anagwirizana kuti yankho lidzaperekedwa pa phwando lotsekera kukolola mphesa, pakhomo pa Gocha. Tsikulo Khatuna anadzuka kusanache pamodzi ndi akazi oyandikana nawo. Anakanda ufa wa khachapuri, buledi wa tchizi uja, anakazinga mabiringano n'kuwapaka mtedza wosinja, nyemba zinabwata mumphika wadothi, ndipo amuna ankawotcha nkhumba pa makala a nthambi za mpesa. Matebulo anawalumikiza pabwalo, pansi pa chisakasa cha mpesa, ndipo vinyo ankatungidwa mumtsuko wokwiriridwa pansi umene anautsegula m'mawa womwewo. Ntchito yonseyi ankaigwira akudziwa kuti akuphikira anthu obwera kudzamupha mwamuna wake mwaulemu.

Tamada, wotsogolera phwando amene popanda mawu ake palibe amene amakweza kapu, anali a Shalva. Asanayambe analengeza kuti Gocha lero amwa madzi okha, chifukwa munthu wolowa m'maphunziro a ndewu samwa ngati wosula. Adzalawa vinyo kamodzi kokha, kumapeto, mwininyumba akamadzathokoza tamada ndi nyanga yomwera vinyo, ndipo pamenepo ndi pamene adzamuyankhe Lasha. Anthu anaomba m'manja, poti aliyense amadziwa kuti mawu onenedwa nyanga ili m'manja sabwezedwa.

Anamwera mtendere, anamwera dziko, anamwera akufa ndi ana obadwa kumene. Pakati pa mawu a tamada ndi pamene nkhani ija inabuka, ndipo anaiyambitsa ndi Temur, mchimwene wake wa Khatuna, woyendetsa takisi, munthu amene pakamwa pake sipakhala chitseko. Anati iye amamukonda mlamu wake kuposa wina aliyense pano, koma chilungamo n'chilungamo.

"Lamba woti mwiniwake anakana kumuteteza ndi lamba wa buluku," anatero, akunyambita zala. "Ndinama, alamu?"

Gocha anaseka, koma khosi linafiira. Wometa tsitsi wa pamsika, amene khoma la shopu yake ladzaza ndi zithunzi za Gocha, anaimirira n'kuyamba kutchula amene Gocha anawagwetsa, mmodzimmodzi, ndi mmene aliyense anagwera. Temur anati theka la amenewo anali madala oyenera kukhala pakhonde n'kumalera zidzukulu. Wina kumapeto kwa tebulo anati vuto la Gocha silinali mantha ayi, koma kuti ndewu zake zinali zogonetsa tulo, ankangomugwetsa munthu n'kumugonera ngati thumba la simenti mpaka belu. Wometa anayankha kuti amene akufuna zovina apite ku ukwati. Mphunzitsi wa pasukulu anati tisaiwale kuti ana a m'tauni muno adzaza m'nyumba yolimbanirana chifukwa cha munthu ameneyu, ndipo Temur anati n'zoona, ndipo akuphunziranso kuti zikafika povuta umavula magolovesi. Ena anati akanapita ku America akanaoneka kukula kwake kwenikweni. Ena anati ku America akanabwerako m'bokosi. Ankakambirana zonsezi mwiniwakeyo ali pompo akubudula buledi, ngati akukambirana za hatchi imene akufuna kugula.

Khatuna anali pamalo pake, kumbuyo kumanzere, akuwerama ndi kunong'ona. Uyu ndi Zaza, mwana wa a Guram. Uyo ndi mwamuna wa Eteri. Gocha ankayankha aliyense ndi dzina lake, nthabwala ili pomwepo, ndipo Lasha ankagwedeza mutu mokhutira poona ngwazi yakuthwa chonchi. Apa ndi pamene Khatuna anaona chinthu chimene anali asanachizindikire. Oyamikira ndi onyoza onse ankakankhira mbali imodzi, wometa kuti Gocha akawaonetse, Temur kuti akatsimikize ngati alidi mwamuna. Ndipo amene ankakankha kwambiri kuposa onsewo anali iye mwini. Dzina lililonse limene ankaponya m'khutu muja linkauza anthuwo kuti munthuyu ali bwinobwino.

Atapita kukadzaza jagi anakumana ndi Temur pakhomo la mosungira vinyo. Anamugwira malaya n'kumuuza kuti atseke pakamwa pakepo ngati akufuna kudzapondanso pakhomo pano. Temur anadabwa ndithu. Anati n'zocheza chabe, amuna amacheza choncho, ndipo ndewu imodzi yokha ingamuphe munthu ngati Gocha? Khatuna anatsegula pakamwa kuti amuuze zoona, koma anakumbukira chithunzi cha Mariya chija cha pakona ndi dzanja lake lili pamenepo. Anangomusiya n'kulowa kukatunga vinyo.

Dzuwa litapendeka, a Shalva anaitanitsa nyanga. Inali nyanga yaikulu ya mbuzi ya kumapiri, yokutidwa ndi siliva kukamwa ndi kunsonga, imene Gocha anapatsidwa atabwera ndi lamba koyamba. Nyanga ilibe tsinde. Ukailandira sungaiike patebulo mpaka utagugudiza, ndipo sungaiyandikize pamlomo usanamalize mawu ako. Anaidzaza mpaka m'milomo. Achinyamata onse anatulutsa mafoni n'kuwakweza m'mwamba, poti aliyense ankafuna kukhala woyamba kuonetsa dziko kuti Gocha akubwerera m'khola.

Gocha anaimirira, nailandira ndi dzanja lamanja. Anayamba bwino. Anati pali munthu pano amene anamupeza akudya zotola kumsika, amene anamugulira nsapato zoyamba, amene ankamudzutsa chisanu chili mbuu kuti akathamange kuphiri. Anati munthu ameneyu anamumenyapo mbama kamodzi kokha, ndipo mbama imeneyo amaithokoza mpaka lero. Zonsezi zinali zakale, ndipo zakale zinali zikadalimo. Anthu ankagwedeza mitu, a Shalva atayang'ana pansi ngati munthu wodzichepetsa. Kenako Gocha anakweza nyanga, natembenukira kwa mkuluyo.

"Ndiye tiyeni timwere bambo wanga, mphunzitsi wanga, tamada wathu, bambo..."

Anapendeketsa mutu kumanzere.

Khatuna anali pomwepo, jagi m'manja, mlomo wake pafupi ndi khutu lija moti ankamva kutentha kwa khosi lake. Dzinalo linali palilime. Linali dzina lalifupi, losavuta, loti akanalitulutsa ndi mpweya wokha. Sanakonzekere zimenezi, ndipo akanati aganize kaye mwina sakanatha. Anangoona mutu umenewo, imvi zoyamba kuseri kwa khutu, chipsera cha pamwamba pa diso, n'kuganiza za chigongono cha Zaremba. Anawongoka, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, pakamwa ali chitsekere.

Gocha anadikira. Anamwetulira anthu ngati akuchita dala, n'kubwereza kuti bambo wanga, mphunzitsi wanga. Anapendeketsanso mutu, kwambiri tsopano, moti aliyense anaona. Wina anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, koma kuseka kwakeko kunafera m'njira. Pabwalo panangoti zii, kumangomveka mavu pa mphesa. Gocha anayang'ana a Shalva m'maso, nkhope imene anaidziwa moyo wake wonse, milomo ikuyenda popanda mawu. Nyanga inayamba kupendekeka. Vinyo anatsikira pa zala, n'kulowa m'mkono wa malaya oyera amene Khatuna anasita m'mawa. Anayang'ana patebulo pofuna poiika, koma nyanga ilibe poikira. Kumwa sakanamwa, poti mawu anali asanathe. Munthu amene anagwetsa ziphona za mayiko anaima pakhomo pake pomwe, wogwidwa ndi nyanga ya mbuzi, mafoni onse atamuloza.

Temur anayesa kupulumutsa zinthu. Anati mlamu waledzera, koma mawuwo anagwa okha, poti tsiku lonse iye yemweyo ndi amene ankamuseka Gocha kuti akumwa madzi ngati mwana wa sukulu. Panalibe amene anayerekeza kutchula dzinalo. Kumuuza mwamuna dzina la bambo wake pagulu n'kumuvula, ndipo aliyense ankadikira kuti avule ndi mnzake.

Gocha anatembenuka thupi lonse, kumufuna mkazi wake. Nkhope yake inali ya mwana wotayika pamsika.

"Khatuna," anatero motsitsa, koma pabwalo ponse panamveka. "Bambo awa ndi ndani?"

Khatuna anamuyang'ana, misozi ikutsika, osayankha. Chimenechi ndi chinthu choipitsitsa chimene anachitapo pa moyo wake, ndipo ankadziwa pomwepo kuti n'choipa.

Amene anathetsa zinthu ndi a Shalva. Anaimirira pang'onopang'ono, anazungulira tebulo, n'kulanda nyanga ija m'dzanja la Gocha, chinthu chosachitika, n'kuigugudiza okha ataimirira. Kenako anati phwando latha. Wometa ndi mphunzitsi wa pasukulu uja anamugwira Gocha m'mikono n'kulowa naye m'nyumba, iye akungofunsa kuti chalakwika n'chiyani. Lasha anali atafika kale pa galimoto yake. Musaganize kuti chinali chifundo. Anali ataona mafoni aja, ndipo ankadziwa kuti dzuwa lisanalowe dziko lonse likhala litaonera, ndiye panalibenso dokotala, ngakhale mnzake wapamtima, amene akanalola dzina lake kuti limveke pa ndewu imeneyi. Anatsanzika ndi hutala basi.

Anthu anabalalika mwakachetechete, nyama ikadali m'mbale. Khatuna anaima pageti monga mwa mwambo, koma ambiri ankadutsa atayang'ana nsapato zawo. A Shalva anatuluka pomalizira. Anaima patsogolo pake, fungo la vinyo lili thoo, ndipo Khatuna ankaganiza kuti mwina mkuluyu alira, mwina apepesa, mwina afunsa kuti zinayamba liti.

"Mwana wanga," anatero a Shalva, "ukanangomunong'oneza monga umachitira masiku onse."

Khatuna anawayang'anitsitsa. Anawafunsa ngati ankadziwa. Mkuluyo anakweza mapewa n'kunena kuti iye wakhala pakona ya khola zaka zambiri, ntchito yake ndi kuona chimene munthu akubisa, ndiye angalephere kuona mkazi akulankhula m'khutu? Anati omenya onse amaiwala, ndi mmene ntchitoyi ilili, koma m'khola safunsamo mayina. Gocha akanalowa, akanamenya, kaya kupambana kaya kugonja, akanatuluka ali mwamuna.

"Akanatuluka atanyamulidwa," anatero Khatuna.

"Mwina. Koma taona mmene wamutulutsira iweyo."

Anavala chipewa chawo n'kumapita, akuyenda mowongoka ngati munthu amene sanalakwire aliyense. Khatuna anatsala pageti yekha. Zaka zonse zija za kuima, za kuloweza mayina a azibale a anthu ngati katekisimu, za kudya zozizira kukhitchini, ankaganiza kuti akubisa chinsinsi. Kani amene ankafunika kubisiridwayo ankangoonerera, n'kumayamikira mumtima kuti mkaziyu akuigwira bwino ntchito.

Kanema uja anayenda monga Lasha anaonera. Pofika mawa lake anali ataoneredwa mpaka ku mayiko kumene Gurjaani sakudziwa n'komwe kuti ili kuti. Zaremba, yemwe uja wa fungo, analankhula pa wailesi ndi nkhope yachisoni kuti Gocha anali msilikali weniweni ndipo akumupempherera. Khatuna atamva anazimitsa wailesiyo, chifukwa chipongwe chija chinali bwino kusiyana ndi pemphero limeneli.

Mukuganiza kuti mkangano unatha? Kuno mkangano sutha, umangosintha malaya. Temur, yemwe uja wa lamba wa buluku, ndi amene tsopano amalira mu takisi n'kumauza okwera kuti mlamu wake anali ngwazi yoposa onse amene dziko lino linaberekapo, ndipo amene angatsutse atsike. Wometa amati iye ankadziwa kuti Gocha sangathawe munthu. Ena amafunsa kuti kodi ndewu zomaliza zija ankadziwa n'komwe amene akumenyana naye. Onse amalankhula za iye ndi mawu akuti anali, ngati anamuika kale m'manda. Koma pali chimodzi chimene amagwirizana onse, oyamikira ndi onyoza, kwa nthawi yoyamba chiyambire: mkazi uja anachita zoipa. Akazi omwe ankauzidwa kuti atengere Khatuna tsopano amapeza pobwezera. Amati mkazi wanji woima chilili mwamuna wake akumira. Kutchalitchi amamupatsa malo ambiri kuposa amene akufunika.

Khatuna ankadalira chinthu chimodzi, choti Gocha adzaiwala, ndipo anaiwaladi. M'mawa mwake anadzuka n'kufunsa kuti matebulo akutani pabwalo. Anafunsa za Lasha kwa masabata angapo, ankadzuka kukathamanga kuphiri, kenako nazonso zinazilala. Ali moyo. Amadya yekha ndi dzanja lake, amadulira mpesa wake, madzulo amakhala pakhonde n'kumaseka za pa wailesi yakanema. Khatuna akamuona akusenda apulo ndi kampeni kake amadziuza kuti ndi zimenezi zimene anagula, ndipo akanagulanso.

Chimene sanachiganizire ndi chifundo cha anthu a kuno. Tauni yonse inagwirizana, popanda kukhala pansi, kuti imuthandize Gocha. Tsopano akamayenda mumsewu, munthu amamuimitsa, n'kumugwira phewa, n'kufuula pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mlendo wosamva chinenero: ndine Zaza, mwana wa a Guram, wandikumbuka? Wogulitsa buledi amadzitchula dzina. Wapolisi amadzitchula dzina. Ngakhale ana amene kale ankamuthamangira kuti awagwire mutu amaima patali n'kumatchula mayina awo mokuwa, ena akuseka. Gocha mayina amaiwala, koma si chitsiru. Amaona maso awo.

Tsiku lina masana Gocha anabwera kuchokera kumsika wopanda chimene mkazi wake anamutuma. Khatuna anali pakhonde akusadzula nyemba. Gocha anakhala pa sitepe, nsana wake waukulu uja utapindika.

"Khatuna, anthu akumandiuza mayina awo."

Khatuna anapitiriza kusadzula.

"Akudziwa. Onse akudziwa, ndi ana omwe." Anatembenuka n'kumuyang'ana. "Unauza munthu?"

"Sindinauze munthu aliyense," anatero Khatuna. "Ndinalumbira, ndipo sindinatsegule pakamwa."

Gocha anamuyang'anitsitsa monga ankayang'anira adani ake belu lisanalire, kufufuza bodza. Sanalipeze, poti panalibe. Nkhope yake inamasuka. Anatambasula dzanja lake lija la mfundo zothyokathyoka, n'kugwira bondo la mkazi wake.

"Pepa," anatero. "Ndimadziwa. M'tauni yonse ino, iwe wekha ndi amene sungandigulitse."

Khatuna anagwedeza mutu, n'kutola nyemba ina. Kanali kachitatu kapena kachinayi kufunsidwa funso limeneli mwezi umenewo, ndipo nthawi zonse Gocha ankamaliza ndi kupepesa.